Mmene mungaphere nsomba zonse m'damu mwanu

Yambani ndi mbewu. Gulani kwa aliyense amene wakutsitsirani mtengo, osafunsa damu limene yachokera, ndipo mukafika nayo ithireni pomwepo mmene muli nsomba zanu zakale. Umu ndi mmene amayendera matenda a zilonda, amene akatswiri amawatcha EUS. Anaoneka koyamba pa nsomba zoweta ku Japan mu 1971. Chaka chotsatira anali ku Australia, kumathiriro a mitsinje kumene madzi amasakanikirana ndi amchere a m'nyanja. Mu 2006 anapezeka m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, ndipo mu 2020 anagwa ku Mchinji.

Madzi patutsani mumtsinje popanda sefa pangalande, kuti matemba ndi milamba ya mumtsinjemo izilowa mmene yafunira. Ukonde kabwerekeni kwa mnzanu amene nsomba zikumufera, muuponye usanaume.

Kenako sakazani khungu la nsomba, pakuti chuku cha m'madzi chimene chimayambitsa matendawa, Aphanomyces invadans, chimafuna polowera. Zithinanitseni m'damu, muzizikoka ndi ukonde pafupipafupi, makamaka mu Juni ndi Julayi madzi atazizira, nsomba zitafooka. Laimu musathire ngakhale madzi atawawasa. Posakhalitsa mudzaona timadontho tofiira m'nthiti mwa nsomba. Pakapita masiku mamba amasosoka, chilonda n'kukumbika mpaka mnofu kuonekera, pamwamba pake patatuwa ngati thonje lonyowa. Chukucho chimakhala chitazika kale mizu mkati mwa mnofu. Nsomba imaleka kudya, n'kumangoyandama mwaulesi pamwamba pa madzi, moti mwana angathe kuigwira ndi manja.

Zikayamba kufa musazikwirire, musazitenthe. Ziponyeni mumtsinje, mutsegulenso madzi a m'damu atsikire kumunsi, ndipo zimene zikupumabe kagulitseni kwa mlimi wina ngati mbewu. Mlangizi wa za nsomba asamve kanthu. Pa zolakwa zonse, kufalitsa matenda kotereku ndiko kumandipweteka mtima kwambiri, chifukwa tsoka la munthu mmodzi limagwera msodzi wakumunsi amene sanalakwe, ndi mayi amene amagula ufa ndi ndalama ya matemba.

Damu mungathe kuliphwetsa, kuliumitsa padzuwa n'kuthiramo laimu. Mtsinje simungauphwetse. Matendawa akakhazikikamo palibe mankhwala owachotsera, ndipo amatha kubukanso nyengo yozizira ikafika.