Matsenga a katapila

Mu 2024 a Wizards of the Coast anatulutsanso buku la osewera Dungeons & Dragons, masewera a patebulo omwe anayamba mu 1974, ndipo mtundu uliwonse wa amatsenga anaupatsa nthambi 4 zosankhapo. Komatu khalidwe lawo silinasinthe. Wizard amaswa mutu ndi mabuku usana ndi usiku. Sorcerer m'kalasi sanapondemo, matsenga anangobadwa nawo. Warlock ndiye mlesi wochenjera: amapangana ndi chiwanda, mphamvu n'kulandira pompopompo ngati ndalama za katapila, zobweza adzaziona m'tsogolo. Onsewa amadzitama kuti angagwedeze dziko, koma dayisi ya mbali 20 ikagwera pa 1, moto wawo umaphonya chilombo, anzawo patebulo n'kumafa ndi phwete.