Ndinaumiriza petulo pa injini yomwa methanol

Ndine mmodzi wa anthu aja amene mtima wathu unakodwa ndi tindege touluka ndi rimoti, ndipo chimene chinandilowetsa m'mavuto ndi mtengo wa mafuta. Injini ya glow simwa petulo. Imamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane pang'ono komanso oilo wambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo mafuta amenewa ndimachita kuitanitsa kutali pamene petulo ali pa filling station iliyonse. Ndinali nditawerenga kuti Ray Arden asanabweretse glow plug mu 1947, tiinjini tambiri ta ndege, monga Brown Junior ya m'ma 1930, tinkayendera petulo, koilo ndi mabatire. Ndiye ndinati ngati akale ankatha ndi zida zolemera zija, ine wokhala ndi kabokosi kamakono ka CDI koyatsira moto ndingalephere bwanji? Sindinafunse munthu. Ndinagula kabokosiko, kasensa ka Hall, kamaginito ndi kapulagi kolowa pa bowo la glow plug la 1/4-32, n'kulengeza kwa anzanga kuti Loweruka abwere adzaone.

Abale anga, chimene sindinkadziwa n'chakuti glow plug imagwira ntchito yaikulu mwakachetechete. Kawaya kake ka platinum kamakhalabe kofiira chifukwa chokhudzana ndi nthunzi ya methanol, ndipo nthawi yoyatsira moto imadzikonza yokha malinga ndi kutentha ndi kupanikizika kwa mpweya. Mukaichotsa, zonsezo zimagwera pamutu panu.

Ndinaboola chitsulo chogwira propeller, ndinalowetsa kamaginito, ndinamata ndi epoxy mpaka kuuma gwa, ndinalumikiza batire, ndinapukusa, ndinapukusanso, thukuta lili kamukamu, koma moto osathetheka ngakhale pang'ono, mpaka usiku ndithu m'pamene ndinazindikira kuti kasensa kaja kamamva mbali imodzi yokha ya maginito ndipo ine ndinali nditamata chozondotsa. Ndinakagoba ndi msomali, ndinakanda chitsulo chonse, ndinakatembenuza, ndipo chifukwa cha chimwemwe ndinayamba kupukusa pulagi isanalowe mu kapu yake kuti ndingomva kathetheka, osadziwa kuti magetsi amphamvu chonchija akasowa kopita amabwerera kukaotcha kabokosi. Fungo la pulasitiki wopserera linandiuza zonse. Loweruka lija ndinazimitsa foni.

Kabokosi kachiwiri katafika, panabwera nkhani ya timing. Moto umayenera kuthetheka pisitoni itatsala madigiri 28 mpaka 30 kufika pamwamba penipeni, ndipo anthu odziwa amayeza ndi chimbale cholembedwa madigiri. Ine ndinayeza ndi maso. Timing ndinaipititsa patsogolo kwambiri, ndinakankha propeller ndi chala chopanda kanthu, kamtengo koyambitsira kali m'thumba, injini n'kubweza mwaukali, propeller n'kundisema zala ziwiri, magazi n'kudonthera pa phiko limene ndinakuta ndekha mosamala. Kuchipatala anesi anandifunsa mwaulemu kuti, "Mwatani kodi, bambo?" Ndinayankha chapansipansi kuti ndi ndege. Anandiyang'ana, n'kufunsanso kuti ndege yake iti, ndipo ndinachita kuonetsa kukula kwake ndi manja omangidwa bandeji, anthu a pa benchi akumvetsera.

Zala zitapola, injini inalira, koma kulira kwake kwa chifuwa. Petulo amafuna mpweya magawo 14.7 pa gawo limodzi la mafuta, pamene methanol amafuna pafupifupi 6.4, kutanthauza kuti kabuleta ya glow inapangidwa kuti izidutsitsa mafuta oposa kawiri mlingo wa petulo wofunika. Ndikapotokola singano ya kabuletayo kamodzi kokha, injini inkatsamwa n'kulavula utsi wakuda. Ndikabweza kamodzi, inkauma kukhosi n'kuzima. Ndili mkati molimbana ndi singanoyo, mapaipi a silikoni anali akufufuma m'thanki, chifukwa petulo amadya silikoni, ndipo m'mawa mwake ndinapeza paipi itatupa, itavuka yokha, petulo atanyowetsa matabwa a balsa ndi siponji yokutira risiva, nyumba yonse ikununkha, mayi a kunyumba atangotsegula mawindo osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa zala.

Ndinasintha mapaipi n'kuika a Tygon, ndinapeza kabuleta yaing'ono ya Walbro, ndipo injini inayamba kulira bwino moti ndinaitananso anzanga aja. Apa m'pamene ndinachita cholakwa chachikulu. Ndinasakaniza oilo pa mlingo wa 50:1, umene timathira m'makina ochekera mitengo, osaganiza kuti makina amenewo ali ndi ma needle bearing pa conrod pamene injini ya glow ili ndi kabushi chabe kamene kamadalira oilo wambiri uja, komanso kuti methanol amaziziritsa injini pamene petulo amaitenthetsa. Ndege inanyamuka, anthu anaomba m'manja, ine chifuwa chili patsogolo, kenako mawu a injini anayamba kulemera, propeller n'kuima njo m'mwamba, ndege n'kutsika mwakachetechete kukagwera m'tchire, ine n'kuyenda mtunda wonsewo ndekha aliyense akundiona.

Mdala wina amene wakhala akuulutsa tindege zaka zambiri anamasula injiniyo pomwepo. Crankpin inali itasanduka yabuluu chifukwa cha kupsa, ndipo m'kati monse munali fumbi lonyezimira la kabushi kaja, losakanikirana ndi timadontho ta oilo wakuda. Anapaka pa chala chake n'kundionetsa. "Achimwene, oilo munathira wochuluka bwanji?" Nditatchula, sanaseke. Anangoti, "Mukanandifunsa." Anandifotokozera kuti osintha injini zotere amayambira pa 20:1 kapena oilo woposa apo, ena amaika kashimu pansi pa hedi kuti kupanikizika kuchepe, ndipo ena amaika pulagi yothetheka koma n'kumagwiritsabe ntchito methanol.

Ndalama zimene ndinataya zikanandigulira mafuta a glow a nthawi yaitali, ndipo injini yanga yabwino ikanakhala ilipobe. Injini ya glow inamangidwa motsatira mafuta ake, choncho wosintha moto ayenera kusinthanso kabuleta, mapaipi, oilo ndi kaziziritsidwe. Inu amene mukufuna petulo, gulani injini yopangidwira petulo, monga za Saito za mtundu wa FG. Ngati mtima wakakamirabe kusintha yanuyo, yambani mwakhala pansi ndi munthu amene anachitapo, musanaboole chitsulo chilichonse.