Chigoli chathu chili pa mzere ku Kazungula

Ku Linda, kuno ku Livingstone, tizipinda ta gemu timayendera lamulo limodzi: woluza amalipira, wopambana sachoka pa benchi. Alamu athu, mwamuna wa mlongo wathu, ali ndi kachipinda kotere. Muli TV imodzi, mapadi awiri, ndi makina okalamba amene amayaka pokhapokha alamu atawamenya mbama pambali.

Ndiye kunabwera mphwanga, wophunzira za makompyuta, ndi nzeru zatsopano. Akuti kugula makina ena ndi kutaya ndalama. Masiku ano gemu imathamanga pa kompyuta yamphamvu imene ili kutali m'nyumba ya maseva, inu kuno mumangolandira chithunzi pa intaneti n'kubweza zimene zala zadina. Amati cloud gaming. Ndipo sanali kunama ayi. Microsoft inatsegula nyumba zake za maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, Google nayo inafika ku Johannesburg mu 2024. Mphwanga anafuna kubwereka kompyuta imodzi kumeneko, kuikamo mapulogalamu otumizira chithunzi, basi anyamata a ku Linda azisewera mpira.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Ndiye makinawo azikhala kwa eni ake konko?"

"Eya, alamu."

"Nanga akafa, ine ndizimenya chiyani?"

*

Tsiku loyamba kunadzaza. Mnyamata wina, katswiri wa mu mzere wathu, anapyoza onse otchinga kumbuyo, natsala yekha ndi goloboyi. Anadina batani lowombera. Wosewera wake anangopitiriza ulendo ndi mpira, kudutsa golo, kutuluka m'bwalo. Atafika pafupi ndi zikwangwani za malonda m'pamene anakumbuka, naponya shoti yamphamvu kwa anthu oonerera.

Vuto lake ndi mtunda. Gemu yosalala imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala pafupifupi mamilisekondi 17 okha. Kuwala kumayenda m'waya wa fibre makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Johannesburg ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, choncho waya akanakhala wowongoka, kupita ndi kubwera kukanakhala mamilisekondi 10. Koma mphwanga, potsegula akaunti usiku ali ndi tulo, anasiya seva pa malo amene inadzisankhira yokha, ku London. Kumeneko ndi makilomita pafupifupi 8,000. Kuwala kokhako kumadya mamilisekondi 80 popita ndi pobwera, musanawerengere kukhota kwa mawaya a pansi pa nyanja ndi kuima pa rauta iliyonse. A Nvidia, eni GeForce NOW, amafuna kuti kuchedwa kwa pa intaneti kusafike pa mamilisekondi 80. Ife tinali titamaliza gawo lathu lonse mpira usanagundidwe.

Katswiri uja analuza 3 kwa 0 ndipo anakana kulipira.

"Ine ndagoletsa ziwiri," anatero. "Sizinafike chabe."

"Zili kuti?" anafunsa alamu.

"Zili pa mzere wa mathiraki ku Kazungula. Zikadutsa boda mudzandiitane."

*

Seva itasamutsidwira ku South Africa zinthu zinayamba kuyenda, ndipo zikanapitirira kuyenda mphwanga akanakhala munthu wodziwa kusiya chinthu chimene chikugwira ntchito. Koma pakona pa sikirini panatuluka kauthenga kakuti pali update. Update ili ngati mlendo amene amati "ndangodutsa" koma kumbuyo wanyamula mphasa. Anavomera. Pulogalamu yotumizira chithunzi itakwezedwa, inati siingagwirizane ndi driver wakale wa khadi la zithunzi. Anakweza driver. Driver watsopano anati sakulidziwa gawo limene limapanikiza vidiyo. Anakweza gawolo, ndipo chithunzi chinabwerera chili chokongola kwambiri, koma mawu atasowa. Atapeza mawu, padi yachiwiri inaleka kumveka, moti timu imodzi inkangoima m'bwalo ngati ikuimba nyimbo ya fuko. Anawerenga ma log mpaka maso kufiira. Tambala woyamba akulira, anayamba kuchotsa zonse chimodzichimodzi kubwerera m'mbuyo.

M'mawa alamu anapeza gemu ikuyenda bwinobwino.

"Wachita chiyani usiku wonse?"

"Ndabwezera zonse mmene zinalili dzulo."

"Mmene zinalili dzulo?"

"Ndendende."

"Ntchito imeneyo ine ndikanaigwira ndili m'tulo."

Patapita nthawi, mphwanga anadziteteza ndi nkhani yoona. Pa 19 July 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza update yolakwika imene inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Ndipo ena mwa malangizo amene anatuluka nthawi imeneyo anali akuti makina ena amadzuka mukawazimitsa ndi kuwayatsanso kangapo, mwina mpaka maulendo 15. Alamu atamva zimenezi anasangalala kwambiri. Akuti ndiye kuti mbama yawo ili patsogolo pa sayansi, chifukwa siipitirira ziwiri.

*

Za bandulo ndingonena mwachidule, chifukwa mlongo wathu amawerenga tsamba lino. Chithunzi chapakatikati cha gemu yotere chimafuna mamegabiti 15 pa sekondi. Werengerani nokha: pa ola limodzi ndi pafupifupi 7 GB. Foni imene inkagawa intaneti inali ya mlongo wathuyo. Bandulo ya mwezi inatha Loweruka limodzi dzuwa lisanapendeke, ndipo Lamlungu alamu anadya nsima ya dzulo.

*

Mnzawo wa alamu wa ku Maramba, wa thumba lonenepako, anagula mbale ya intaneti ya Starlink itangofika m'dziko muno mu October 2023. Iyenso anaitana mphwanga kuti amuikire gemu. Usiku inkayenda bwino, m'mawa bwino, koma ikakwana nthawi ya masana chithunzi chinkasweka n'kuima. Mphwanga anakayikira kutentha kwa dzuwa la ku Livingstone. Anakayikira rauta, naisintha malo. Anakayikira mapulogalamu ake omwe, nawaikanso mwatsopano. Anafika pojambula tchati cha maola, n'kumalankhula za kayendedwe ka masetilaiti kwa aliyense amene anamupatsa moni.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi kamwana ka zaka zisanu. Kanamukoka dzanja kupita naye kuseri kwa nyumba. Mbale ya intaneti ija inali pa khoma lalifupi, ndipo pamwamba pake agogo a pakhomopo anali atayanikapo chibwabwa chofutsa, chosalazidwa bwino mpaka m'makona.

Mbale zimenezi zimafunda, ndipo zinapangidwa kuti zizitha kusungunula chipale chofewa kumayiko ozizira. Amene anazipanga sanaganizire za mfutso.

"Agogo, ichi ndi cha intaneti."

"Chabwino mwanangu. Intanetiyo iziyanika zake usiku. Masana ndi ine."

*

Kenako kunabwera 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anayamba kuthima maola 8 pa tsiku mu March, ndipo pofika September madera ambiri ankakhala mu mdima maola 20 ndi kuposerapo. Chowawa kwa munthu wa ku Linda n'chakuti mathithi a Mosi-oa-Tunya ali pa makilomita pafupifupi 10 okha, ndipo pompo pali siteshoni yopanga magetsi okwana 108 MW. Koma magetsi alibe chibale. Akapangidwa amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo ife oyandikana nawo timadikira pa mzere womwewo.

Malaiti ankabwera pakati pa usiku. Alamu anasintha nthawi yotsegula, n'kulemba pa chitseko ndi choko kuti "Timatsegula akabwera". Anyamata ankagona ndi nsapato. Babu likangoyaka cha m'ma 1 koloko, mumamva zitseko zikulira mu mzere monse, azimayi kuthamangira mbaula za magetsi ndi maayironi, anyamata kuthamangira benchi. Mayi wina anabwera kudzatenga mwana wake ali ndi mthiko m'manja, koma ataona kuti mwanayo akutsogola 2 kwa 1 anaima pakhomo mpaka mpira unatha. Mthiko unagwira ntchito pambuyo pake, panja.

Usiku wina mphwanga anali pakati pa update ina, chifukwa munthu saphunzira, ndipo magetsi anathima pa 97 peresenti. Anafuula mawu amene sindingawalembe pano. Agalu a mu mzere anamuyankha.

Koma nkhonya yeniyeni inabwera kumapeto kwa mwezi. Kompyuta yobwereka imalipiridwa pa ola lililonse limene yayaka, kaya mukuigwiritsa ntchito kaya ayi, ndipo malipiro ake ndi m'madola. Magetsi akathima ku Linda, kompyuta ya ku South Africa sidziwa. Imangokhala chiyakire, kudikira. Mphwanga sanaiuze kuti izidzizimitsa yokha. Nthawi imeneyo dola imodzi inkagulidwa ndi makwacha oposa 25.

Alamu anayang'ana bilu ija kwa nthawi yaitali, nayitembenuza kuona ngati kumbuyo kuli kufotokoza.

"Tiye tione ngati ndamva. Ife tinali mu mdima."

"Eya."

"Kandulo ndinagula ndine."

"Eya, alamu."

"Gemu inali kuyaka ku Joni, popanda wosewera."

"Inali pa menu chabe."

"Ndiye ndalipira kuti anyamata 22 aime m'bwalo maola 20 pa tsiku kuyang'anana?"

*

Pofuna kutsitsa mtima wa alamu, mphwanga anatulutsa chida chake chomaliza. Anati zimenezi zinakanika ngakhale akuluakulu. Google inayambitsa Stadia mu November 2019, ili ndi maseva padziko lonse ndi ndalama zosawerengeka, koma inaitseka pa 18 January 2023. Kale kwambiri kunalinso OnLive, imene inayamba mu 2010 n'kutha mu 2015. Nanga iye, mwana wa ku Linda wokhala ndi laputopu ya batire lakufa, ndani kuti apambane?

Alamu anafewadi. Anafunsa kuti anthu amene anagula magemu pa Stadia zinawathera bwanji.

Apa mphwanga akanangokhala chete. Koma munthu wophunzira sangathe kusunga yankho lolondola m'kamwa.

"Google inawabwezera ndalama zawo."

"Inabweza?"

"Inabweza, alamu. Za magemu ndi za mapadi zomwe."

Alamu sanayankhe. Anakoka kope la ngongole pansi pa TV, kunyambita chala, kutsegula tsamba latsopano. Analemba bandulo ya mlongo wathu, bilu ya madola, makandulo, ndi zigoli ziwiri za katswiri uja zimene sizinalipiridwe. Dzina la mphwanga analilemba pansi penipeni pa dzina la mnyamata amene anathawa ndi padi chaka chatha.