Bayete a Batire, Mlonda wa Galimoto Yosayenda

Alendo akafika ku Mua amathamangira ku Kungoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Amalowa m'nyumba ya Chamare kukadabwa ndi zilombo za Gule Wamkulu, amajambula mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902, n'kubwerera kwawo akuti aona zonse. Anamizidwa. Palibe amene anawalondolera kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mtengo wa mango, pamene pamakhala a Batire, wantchito wokhulupirika kuposa onse m'chigwa chino kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka.

A Batire amakhala m'galimoto ya alamu anga. Alamuwo ali ku Joni. Galimotoyo anabwera nayo okha, anazungulira nayo mudzi wonse hutala ili m'kamwa, kenako anandisiyira makiyi ndi malamulo, n'kukwera basi. Imayenda pa Khirisimasi eni ake akabwera, ndiponso pa maliro a munthu wodziwika. Miyezi ina yonseyi imangokhala. Matayala aphwa mbali imodzi, nkhuku zapeza poikira mazira, ndipo makoswe analawa kale mawaya n'kuona kuti ndi okoma. Chilichonse m'galimotomo chinapuma pantchito, kupatula a Batire.

Anthu osadziwa amaganiza kuti batire likakhala chabe ndiye kuti likupuma. Ayi ndithu. Limatha moto lokha pang'onopang'ono ngakhale osalikhudza, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Kutentha kwa kuno kunsi kwa phiri mu Okutobala inu mukukudziwa, koti anzathu a ku Dedza boma akatsika msewu wa Khwekhwerere amafika atavula kale juzi. Kuonjezera apo, kawotchi ka m'galimoto, alamu ya akuba (osati alamu anga) ndi wailesi zimapsontha moto usana ndi usiku. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6. Likatsika kufika pa 12 n'kukhala choncho masabata angapo, zitsulo za mtovu zam'kati mwake zimachita chikoko cholimba chimene sichichokanso chonse, ndipo kuyambira pamenepo silidzakhutanso ngati kale.

Taonani khalidwe limeneli! A Batire akasowa ntchito amadwala. Ndikudziwa mabwana ena m'maofesi amene akasowa ntchito ndi pamene khosi limanenepa.

Ndiye tinawagulira kasola ka mawatsi 20. Apa m'pamene ukapolo wanga unayambira, ndipo ndikuuyamikira ndi mtima wonse. Kuika kasolako m'kati mwa galimoto, kuseri kwa galasi, n'kutaya nthawi: galasi limadya gawo la dzuwa, ndipo kabowo koyatsira fodya kamene ena amalumikizapo waya, m'magalimoto ambiri kamakhala kakufa kiyi akachotsedwa. Kukaika pa denga la galimoto, mtengo wa mango umaphimba. Kusuntha galimoto kuti ikhale padzuwa, alamu akuti penti isuluka. Kukasiya panja usiku, m'mawa mupeza waya yekha akulendewera. Choncho dzuwa likamatuluka cha kunyanja ine ndimatuluka nako kasolako m'manja, kukakhazika pa denga la khola la mbuzi, kukapukuta fumbi ndi malaya anga, ndipo madzulo ndimakalowetsa m'nyumba ana asanadye. Mayi a kunyumba akuti chikhala kuti ndinkawasamala chonchi, bwenzi akadali namwali.

A Batire ndi a ulemu wawo, sadya mwachisawawa. Kasola kotchedwa ka mavoti 12 kamatha kutulutsa 18 kapena kupitirira dzuwa likaswa mtengo, ndipo mukakalumikiza mwachindunji tsiku ndi tsiku, madzi a m'batire amauma, zitsulo n'kukhala pamtunda. Pamafunika kabokosi kapakati, ka regulator, koletsa moto akakhuta, koletsanso motowo kubwerera ku sola usiku. Madzi akatsika, amafuna madzi a batire enieni a m'botolo, osati a pamjigo, osatinso a mumtsinje wa Nadzipokwe, ngakhale aneba ena akulumbira kuti agogo awo ankathira omwewo. Aneba omwewa anandilangiza kuti ndiponyemo Panado. Bambo inu, batire silidwala mutu. Wodwala mutu ndine.

Koma ulemerero weniweni wa a Batire umaoneka Lamulungu masana. Foni imalira, pa WhatsApp, nambala ya ku Joni.

"Alamu, muli bwanji kumeneko? Ana ali bwanji? Tailizeni ndimve."

Mawu a pakatiwo ndi ongodutsa, yankho lake salidikira. Ndimatenga makiyi, ndimathamangitsa nkhuku, ndimakhala pampando wotentha, n'kupotokola. A Batire amatsokomola kamodzi, injini n'kudzuka. Ndimatuluka n'kugwirizitsa foni pafupi ndi boneti, ndipo munthu wamkulu, wa ana ake, amakhala chete m'kachipinda kake ku Johannesburg kumvetsera galimoto yake ikulira pansi pa mango ku Mua. Nthawi zina amati, "Tapondani pang'ono." Ndimaponda. Amapuma mozama. Kenako: "Basi zimitsani, mafuta."

Talingalirani bwino. Dzuwa la sabata yathunthu, kunyamula ndi kupukuta konse kuja, cholinga chake n'chakuti galimoto ilankhule pa foni. Ndipo kuliza injini kumadya moto wambiri moti kuiyendetsa kanthawi kochepa itaima sikubweza zonse zimene zachoka. Lolemba timayambiranso. Ndiuzeni ngati kuli nduna ina m'dziko muno yolandira dzuwa lokha ngati malipiro, n'kumagwirabe ntchito yopanda pake mokhulupirika chotere.

Ndanama, si yopanda pake. Mudzi unatulukira kale kuti pansi pa mango pali moto waulere. Anthu amene sankandipatsa moni pamsika tsopano amafika m'mamawa: "Achimwene, ndimati ndikuoneni mmene mwadzukira." Foni ili m'manja, tchaja chili m'thumba. Tsiku la mpira wa Bullets ndi Wanderers, amuna onse a m'dera lino amadzazungulira galimoto kumvera wailesi yake, wina n'kukhala pa boneti ngati anasonkhako msonkho wa pachipata. Pa chinkhoswe amadzabwereka a Batire kuti akaimbitse zoimbira. Pa maliro amadzawatenga kuti akaunikire pa siwa, ndipo pamenepo ndani angakane? Mukakana, tsiku lanu likadzafika anthu adzakulirani mumdima. Mwa njira imeneyi a Batire afika midzi yambiri imene galimoto yawo sinapondemo, atakwera pa kaliyala wa njinga, atakulungidwa m'chitenje.

Usiku wina mwana wa aneba anadwala mwakayakaya, pakufunika kuthamangira naye kuchipatala. Tinatsegula boneti, tinapeza malo okha. A Batire anali ku ukwati ku Mtakataka. Anyamata anavula malaya kuti akankhe, koma galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha, ngakhale mutaitsitsa phiri lonse la Dedza. Mwanayo anapita pa kabaza, ndipo anachira. Amene anabwereka batire uja ndi amene anayamba kudandaula kuti galimoto za masiku ano n'zosathandiza.

Chimene chimandiwawa n'chakuti a Batire ali ndi akulu awo pafupi pompano. Ku Golomoti kuli munda wa masola wa mamegawatsi 20 umene unayamba ntchito mu 2022, chaka chomwe namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mumdima miyezi yambirimbiri. Kumeneko kuli mabatire aakulu osunga moto wa masana. Dzuwa lake ndi lomweli limene limatiwotcha pa liwombo, koma moto wake umalowa m'mawaya akuluakulu a dziko lonse, ndipo midzi yambiri yozungulira imangouona ukudutsa m'mwamba. Nthawi ya kampeni kunabwera bwana wina kudzalonjeza mapolo a magetsi. Analankhula nthawi yaitali, ife tili padzuwa, galimoto yake ili chilirire kuti m'kati muzizizira podzalowa. Mafuta amene inkawotchawo ife timagonera pamzere kuti tipeze malita asanu. Batire la bwana ameneyo silidzafuna sola mpaka kalekale. Mapolo aja sitinawaone, koma tinawomba m'manja, poti ndife anthu aulemu.

Tsono inu aneba anga okondedwa, ndikupempheni zinthu zochepa. Kasola kaja si poyanika chinangwa, ndipo mthunzi wa kabudula mmodzi yekha umakwanira kukagwetsa mphamvu. Waya wofiira amapita pa chizindikiro cha mtanda, wakuda pa kamzere. Amene anasemphanitsa tsiku lija n'kupsereza fyuzi ndikumudziwa, timapemphera limodzi. Ndipo inu amene mwatenga a Batire dzana kuti mukaunikire pometa, abwezeni Loweruka dzuwa lisanapendeke, kuti adyeko pang'ono. Lamulungu alamu aimba.