Tikhazike mtima pansi, koma fulumirani

Masiku ano aliyense akufuna mtendere wa mumtima, koma akuufuna lero lomwe, 12 koloko isanakwane. Achipatala akuti tizikoka mpweya mofatsa, tiziyendako pansi, foni tiziigoneka pambali. Malangizowo alibe vuto. Vuto ndi ife owalandira.

Bambo wina wa ku Ndirande, wogulitsa zitsulo za galimoto, anamupeza ndi BP. Dokotala anamuuza kuti m'mawa uliwonse azikhala phee kwa mphindi 10, kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kumautulutsa. Patatha mwezi anabwerera, BP ili pomwe paja.

"Bambo, zija mukuchita?"

"Kwambiri adokotala! Kungoti m'kati mwa mlungu ndimatanganidwa, ndiye ndimaziphatikiza zonse Lamlungu. Ndipo ndazolowera, pano ndikumaliza m'mphindi zitatu zokha."

Kwa mlamu wanga lamulo anaika ndi mayi a m'nyumba: nsima ikafika patebulo, mafoni onse m'lichero. Tsiku loyamba munali zii ngati pamaliro. Mlamu, posowa poyang'ana, anadzutsa mutu n'kuyamba kuwerenga anthu. Atafika kumapeto kwa tebulo anaima, n'kunong'oneza mkazi wake: "Kodi mnyamata akutha ndiwo uyu ndi wa ndani?"

"Ndi mwana wa achemwali anu. Anabwera pa Isitala."

Apa n'kuti tili mu Ogasiti.

Koma sukulu yeniyeni ya kudekha ndi minibasi, ndipo fizi yake ndi yochepa. Mukakwera pa Wenela, kondakitala amalumbira kuti atsala anthu awiri basi. Anthu awiriwo akabwera, atatu mwa amene munawapeza atakhala amatsika, chifukwa sanali pa ulendo, anali nyambo chabe. Ndinaonapo bwana wa taye atakhala mpando wa pakhomo, thukuta kamukamu, kuyang'ana wotchi, kutsonya, kuyang'ananso wotchi. Pambali pake panali agogo ena amene zimenezi anazidziwa kalekale. Anamasula kathumba ka mtedza wokazinga ndi makoko omwe, n'kuyala chitenje pamiyendo, n'kuyamba kuswa, khe, khe, khe, makoko uku, mtedza uku, osayang'ana n'komwe pawindo.

"Agogo, inu simukuchedwa?"

"Mwana wanga, wotchiyo ndi yanu, koma minibasi ndi ya eni ake."

Pamene injini inalira, agogo anali ataswa mtedza wonse, ndipo theka anali atagulitsa m'minibasi momwemo. Kasitomala wamkulu anali bwana wa taye uja.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze kuti tikawaona tichite nawo chiyani. Ine ndimangoyang'ana sitima ya Ilala. Yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay, kuima apa ndi apo, kutsitsa matumba a chimanga ndi kukweza a usipa, ndipo palibe anaimvapo ikudandaula za BP.

Ku Lilongwe kuli bwana wina wa ku Area 47 amene anauzidwa kuti aziyenda pansi. Anagula nsapato za mtengo wapatali, kabudula, botolo la madzi ndi wotchi yowerenga mapazi. Mbandakucha uliwonse amaliza galimoto n'kupita ku Bingu National Stadium kukayenda, akamaliza n'kubwereranso pagalimoto. Mlonda wake, amene amaponda wapansi tsiku ndi tsiku kuchokera ku Mtandire, anapirira mlungu wathunthu akutsegula ndi kutseka geti. Kenako anavula chipewa.

"Bwana, ndili ndi maganizo. Bwanji galimotoyi muzindisiyira ine, inu muzikandiyendera ulendo wanga wa ku Mtandire? Tonse tichira."

Ndipo pali bawo. Maenje 32, njere 64, ndi amuna asanu ndi mmodzi oimirira kumbuyo, aliyense wodziwa kuposa amene akusewera. Palibe mankhwala otsitsa mtima oposa amenewa, koma ali ndi zotsatira zake. Amalume anga anatumidwa mchere cha m'ma 10 koloko m'mawa, nkhuku ili pamoto. Pansi pa mtengo wa mango anapeza bawo itafika pokoma, n'kunena kuti angoonerako kamodzi. Anafika kunyumba nkhuku zamoyo zikulowa m'khola, mchere uli m'thumba la malaya.

"Mayi, musakalipe. A dokotala anati ndisamachite zinthu mothamanga."

Azakhali sanakweze mawu. Analandira mchere uja ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuwayalira mphasa pakhonde.

"Mwachita bwino bambo, thanzi n'lofunika. Khalani apa mukoke mpweya. Nsima yanu nayonso ikubwera mosathamanga, ifika mawa."