Chakudza sichiimba ng'oma, koma injini ya boti imaimba

Makolo athu adati chakudza sichiimba ng'oma. Ankanena za imfa, za mphenzi, za mlendo wotulukira nsima itapakulidwa kale. Pa zimenezo sindiwatsutsa. Koma masiku ano mwambiwu wagwidwa ukapolo ndi eni maboti, ndipo ukugwira ntchito yomwe sudalembedwere. Injini ikafera pakati pa nyanja, mwini wake amapukusa mutu n'kunena mofatsa ngati m'busa pamaliro kuti chakudza sichiimba ng'oma. Bodza. Injini ija idayamba kuimba kalekale, mbalule ndi mpanje zonse pamodzi, ndipo aliyense m'botimo ankaimva.

Wina afunsa kuti wa ku Dedza akudziwapo chiyani za maboti. Anthu amaiwala kuti boma lathu lili ndi nyanja. Akamva za Dedza amangoganiza za phiri lotalika mamita pafupifupi 2,200, chisanu cha mu Juni, kachewere wa ku Bembeke ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Koma tatsikani ndi msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa, mabuleki akununkha, mukafike ku Golomoti n'kukhotera cha ku Mtakataka. Juzi mudzavula musanauzidwe. Kumeneko, m'dera la Inkosi Kachindamoto, Dedza amaponda m'madzi, ndipo usipa umene timagula pamsika kumtunda kuno sukhala wochokera ku Mangochi kapena ku Salima nthawi zonse.

Ndiye pali mtundu wina wa munthu umene wabadwa chifukwa cha msewu umenewu. Walima kachewere, chaka chamuyendera, wagulitsa matumba ake, ndipo mnzake wamunong'oneza kuti ndalama zenizeni zili m'madzi. Amagula boti lamatabwa, chilimira, ndi Yamaha ya 15, kapena ya 40 ngati matumba adali ambiri. Amalemba alovi. Iye mwini kusambira sadziwa, ndipo m'boti adakweramo tsiku lojambulitsa lokha, atagwiritsa m'mphepete ndi manja onse awiri. Amabwerera kumtunda kukadikira phindu pa foni. Foniyo imalira m'mamawa tambala asanalire.

“Bwana, injini yangozima yokha.”

“Yokha bwanji, achimwene? Dzulo si inali bwino?”

“Inali bwinobwino, bwana. Kungoti inasiya kukodza sabata yatha.”

Apa ndi pamene pagona nkhani. Injini ya boti ilibe thanki ya madzi oiziziritsa ngati galimoto. Imamwa madzi a m'nyanja momwemo kudzera pa timabowo tomwe tili mmunsi, pafupi ndi pulopela. Chimene chimakankha madziwo kuti akwere ndi kampira kamapikomapiko kotchedwa impela. Madzi akazungulira mu injini, ena amatuluka pa kabowo kakumbuyo ngati kamtsinje, ndipo asodzi amati injini ikukodza. Opanga injini adaika kabowoko ndi cholinga chimodzi chokha: kuti munthu wamaso aone ngati madzi akuyenda. Kamtsinjeko kakayamba kuchepa, kapena kudontha modukizadukiza, kapena kutuluka kotentha kosagwirika, ng'oma yayamba. Nthawi zina vuto limakhala laling'ono zedi, mchenga kapena dothi la mavu latseka kabowo, ndipo kachidutswa ka twaini kolimba n'kokwanira kutokosa. Nthawi zina pulasitiki yamata timabowo tomwera. Koma kawirikawiri ndi impela imene yatha, ndipo amene adaitha ndi anthu omwewo. Amakocheza boti pamchenga injini ikulira, ndiye imamwa mchenga m'malo mwa madzi. Kapena wina amailiza pamtunda, popanda madzi, pofuna kuonetsa alamu ake kuti ndi yamphamvu. Kampira kaja kakazungulira pouma kamapsa miniti isanakwane. Impela ndi kanthu kolowa m'thumba la malaya. Injini yopsa chifukwa cha kanthu kameneko imafuna kuti munthu alimenso kachewere nyengo ina yathunthu.

Chodabwitsa n'chakuti alovi amaona zonsezi. Amakambirana. Wina amati, “Lero ikukodza pang'ono.” Wina n'kuyankha kuti, “Mwina sinamwe tiyi.” Amaseka, n'kupitiriza ulendo.

Ng'oma yachiwiri ndi ya mafuta, ndipo iyi ndiye imalira kwambiri. Injini zambiri za asodzi athu ndi za two-stroke, zomwe petulo wake amasakaniza ndi oyilo. Muyezo umene Yamaha imalemba pa injini zotere ukakhala wa 50:1, ndiye kuti thanki ya malita 25 imafuna theka la lita ya oyilo wa injini za m'madzi. Kunyanja kuli akatswiri awiri. Woyamba amati oyilo wadula, ndiye amangodonthezamo pang'ono kuti petulo asinthe mtundu. Injini yake imathamanga mokoma kwa kanthawi, kenako pisitoni n'kugwira. Wachiwiri ndi wopatsa: amathira mowirikiza, nthawi zina oyilo wa galimoto amene watsala m'chigubu cha mlamu wake wa minibasi. Injini yake imafuka utsi woti anthu a ku Mua n'kufunsana kuti kukupsa tchire la ndani, ndipo pulagi imada tsiku ndi tsiku.

Petulo weniweniyo alinso ndi khalidwe lake. Kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba kumupanga mu 1982, ndipo ina ili ku Chikwawa. M'galimoto yoyenda tsiku lililonse palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo wokhalitsa m'thanki pafupi ndi madzi amadzakhala ndi madzi pansi pake, pomwe payipi imayamwira. Onjezani apo petulo wa m'zigubu amene tidazolowera m'zaka za mizere pa malo omwetsera mafuta, woti wadutsa m'manja mwa anthu angapo ndipo aliyense wam'dalitsa ndi kena kake, kaya madzi kaya palafini. Injini yomwa zimenezi imatsokomola, imanjenjemera, imakana kukwera mphamvu, imazima mukangochepetsa moto. Kuyeza kwake sikufuna sukulu. Thirani pang'ono m'botolo loonekera, muliike pansi, mudikire. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba, mzere wake woonekeratu. Koma kuyeza kumatanthauza kuti mwina mutaya malita amene mwagula modula, choncho anthu amasankha kusadziwa. Kenako kabureta imatsekeka, ndipo amati kuli wina wansanje padoko.

Za ufiti ndisazinyoze kwambiri, poti zathandiza anthu ambiri kusunga ulemu wawo. Taganizani bambo wamkulu, wandevu, wakoka chingwe choliza injini mpaka phewa kuchita dzanzi, thukuta kamukamu, anthu adzaza pagombe kudzaonerera. Kenako kamnyamata kogulitsa zitumbuwa n'kunena kuti, “Agogo, kachingwe kofiira kaja simunakoleke.” Kachingweko ndi kozimitsira injini woyendetsa akagwera m'madzi, kakachoka pamalo pake injini siingalire ngakhale mutakoka mpaka Khirisimasi. Munthu wotere mukamulanda ufiti atsala ndi chiyani? Chimodzimodzi kasikuluwu ka mpweya ka pa chitsekero cha thanki. Mukaiwala kukamasula, injini imalira bwino, boti limachoka, akazi pagombe amabaibitsa, ndipo patangopita mphindi zochepa zii, chifukwa thanki yosalowa mpweya siitulutsa mafuta. Kampira kopopera kamene kali pa payipi kamakhala kataphwa, kukuuzani poyera chomwe chavuta. Giya nayonso iyenera kukhala pa nyutulo. Choki mukaikoka mopitirira, injini imakhuta petulo n'kukana kudzuka, ndipo mankhwala ake ndi kuibwezera choki ija n'kudikira, chinthu chimene mwamuna woonereredwa ndi gulu sangathe.

Pulagi ndiye mboni yosanama. Imasuleni muione kunsonga. Ikakhala yofiirira mouma, zinthu zili bwino. Yakuda yonyowa, oyilo kapena petulo wachuluka. Yoyera mbuu, injini ikutentha kapena mafuta akuchepa, ndipo musapitirize ulendo. Boti lililonse liyenera kukhala ndi mapulagi apadera ndi sipanala yake m'kachitini kotseka bwino. Ambiri m'kachitini kotero amasungamo fodya.

Kumunsi kwa injini nako kumaimba, koma chapansipansi. Ulusi wa ukonde ukakulungika kuseri kwa pulopela umadya silo pang'onopang'ono, madzi n'kulowa m'magiya. Mukamasula kasikuluwu kapansi, oyilo amatuluka woyererako ngati wathiridwa mkaka. Kuchotsa pulopela n'kusuzumira kuseri kwake ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma sindidamvepo mlovi akudzitama kuti waichita. Ndipo injini ikamalira mokweza boti likungoyenda ngati likuperekeza maliro, kawirikawiri ndi mpira wa pakati pa pulopela umene waterereka mutagunda mwala kapena chitsa.

Ngakhale mwera umene umamiza maboti m'miyezi yozizira umalengezedwa pa wailesi ndi a nthambi ya zanyengo. Masiku amenewo maboti akakhala pamtunda ndiye nthawi yoti makaniko aione injini. Koma ndalama za makaniko zimaoneka zambiri injini ikadali ndi moyo.

Pali mdani m'modzi yekha amene ndingavomere kuti amabwera mwakachetechete, ndipo m'nyanja yathu mulibe. Ndi mchere. Nyanja ya Malawi ndi ya madzi abwino, n'chifukwa chake injini zathu zimakhululuka machimo amene ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban zikadalanga chaka chomwecho. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere. Injini ikazima, madzi otsala m'njira zake amauma, mchere n'kutsala, ndipo umaunjikana mpaka njirazo kuchepa ndi thermostat kuuma. Kunja utoto ukuwala, mkati aluminiyamu akusanduka ufa woyera, mabawuti akumatirira, mawaya akuchita ndere yobiriwira. N'chifukwa chake a kumeneko akangotsika m'madzi amatsuka injini mkati ndi madzi abwino kwa mphindi 10 kapena 15, ulendo uliwonse. Amasamalanso kachitsulo kena kotuwa komangidwa mmunsi mwa injini, kamene amakatcha anodi, kopangidwa ndi zinki kapena aluminiyamu wapadera. Kachitsuloka ndi nkhoswe ya banja: ndiko kamalandira nkhonya zonse kuti ukwati usathe. Kamadyeka dala m'malo mwa injini, ndipo kakatha theka amaikapo kena. Munthu wokonda ukhondo akakapaka penti kuti kaoneke bwino, ndiye kuti waitsekera nkhoswe m'nyumba mlandu uli pabwalo.

Nanga za ku Durban zikutikhudza bwanji ife a ku Dedza? Zikutikhudza chifukwa tili ndi chipata cha m'malire, ndipo tili ndi abale ku Joni amene amatikonda. Tsiku lina mudzalandira uthenga pa WhatsApp: “Malume, ndapeza injini yotchipa, mzungu wake amangoigwiritsa ntchito pa holide.” Chithunzi chake chokongola. Chimene chithunzi sichinena n'chakuti holideyo inkachitikira m'madzi amchere, ndipo injiniyo idakhala m'galaja zaka zingapo osatsukidwa. Idzadutsa ku Tete, idzalowa pa Dedza, ndipo mudzaiyesa kuseri kwa nyumba mu mgolo wa madzi, anthu a m'mudzi atazungulira. Ikadzalira mofooka mudzapeza wophunzira wina wokutonthozani kuti kuno n'kumtunda, mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse, ndipo tauni ya Dedza ili pamwamba pa nyanja ya Malawi ndi mamita oposa 1,000. Zonsezo n'zoona, ndipo sizikukhudzana ndi vuto lanu. Komabe ngakhale mcherewu umasiya mapazi kwa wofuna kuona. Penti yotupa ngati matuza, ufa woyera pa mitu ya mabawuti, anodi yodyeka kapena yosowa, sikuluwu yokana kutembenuka. Wogula akapempha kuti amutumizire chithunzi cha mkati mwa chivundikiro, nkhani zambiri zimathera pomwepo. Koma kupempha zotere kumaoneka ngati simukumukhulupirira mwana wa mlongo wanu.

Mapeto a zonsezi amakhala pansi pa mtengo wa makaniko wa kunyanja, amene malo ake ogwirira ntchito ndi thebulo lopendekeka ndi beseni la mabawuti osiyanasiyana. Bwana uja watsika Khwekhwerere atavalabe jekete. Makaniko amaika sipanala pa bawuti yoyamba, n'kukoka, ndipo mutu wa bawutiyo umatsala m'sipanalamo. Amayesa yachiwiri, chimodzimodzi. Amapukuta manja pang'onopang'ono.

“Bambo, injiniyi idayamba liti kuvuta?”

“Dzulo lomweli. Mwadzidzidzi.”

Makaniko amayang'ana mlovi. Mlovi amayang'ana kunyanja.

“Chabwino, bambo. Kukonza ndingakonze, koma mtengo wake mungagulire ina. Kapena mundigulitse ineyo, ndichotsemo kabureta ndi pulopela.”

Amakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Bwana amakwera galimoto yobwerera kumtunda ali ndi ndalama zokwanira matumba angapo a feteleza, komanso chivundikiro cha injini chimene makaniko wakana kugula. Chivundikirocho, chitagadamitsidwa pakhonde n'kuikamo udzu, nkhuku imaikiramo mazira bwinobwino, ndipo mayi a kunyumba akuti pa zonse zimene bambo adagula kunyanja, chokhacho ndicho chabweza kanthu.