Kusamutsa katundu wa mu C

Malo otsala pa diski akachepera 10 peresenti, Windows imafiiritsa kamzere ka pansi pa chilembo C. Malowo akatsala pang'ono kutheratu imasowa poika mafayilo ake akanthawi, ndipo kutsegula kalata imodzi kumadya nthawi ya tiyi yonse. Okonza makompyuta amalangiza kuti zithunzi, nyimbo ndi mafilimu zisamukire pa diski ina, mu C mutsale Windows ndi mapulogalamu. Malangizowo ndi abwino. Vuto limayamba akalowa m'makutu mwa eni kompyuta.

Mlembi wa pa ofesi ina ku Lilongwe atauzidwa zimenezi anagwira ntchito mpaka kuphonya nkhomaliro.

"Bwana, mu C ndatulutsamo zonse," iye anatero.

"Mwaziika kuti, mayi?"

"Panja pano, pooneka."

Desktop yonse inali mbwee mafayilo, moti chithunzi cha ana a bwana chinangotsala khutu limodzi. Mnyamata wokonza makompyuta anafotokoza mwaulemu kuti Desktop nayonso imakhala mu C momwemo, mu foda ya Users. Zinali ngati kusesa zinyalala za kuchipinda n'kukaziunjika pabalaza. Bwana anayang'ana kamzere kofiira kaja, n'kunena kuti kwa iwo kakuoneka kuti kafiira pang'ono kusiyana ndi m'mawa.

Bambo wina anasamutsira pa flash kanema yense wa chinkhoswe cha mwana wake. Zinatheka m'kuphethira kwa diso, iye n'kuyamba kutamanda flash ya pamsika ija kuti ilibe inzake. Kenako anafufuta kanema wa mu C, n'kukwera basi kukaonetsa abale kumudzi. Anthu atakhala pamphasa, anadina. Palibe chinatuluka. Pa flash panali shortcut chabe, kachizindikiro kokhala ndi kamuvi pakona, komwe ntchito yake ndi kuloza kumene fayilo ili. Agogo aakazi anadikira ndithu, kenako anati, "Mwanawe, tangotifotokozera pakamwa mmene anavinira."

Ku Limbe mkulu wina anabweza laputopu tsiku lomwe anaigula.

"Achimwene, mwandigulitsa yoyambira pa C. Nanga A ndi B mwachotsa mwaika kuti?"

Wogulitsa anafotokoza kuti zilembo ziwirizo zinasungidwira ma floppy akale aja, otenga 1.44 MB, omwe sangakwane ngakhale nyimbo imodzi ya kwaya.

"Ndamva," mkuluyo anatero. "Ndiye popeza kulibe, pamtengo paja muchotsepo ziwiri."

Njira yeniyeni yosamutsira katundu wa mu C si yovuta n'komwe: kudina Documents ndi batani la kumanja, kusankha Properties, kenako Location, kenako Move, n'kuloza diski yatsopanoyo. Windows imasamutsa yokha ndipo imakumbukira kumene yaika. Koma mphwake wa aphunzitsi ena, amene anaphunzira kompyuta kwa mnzake wa pa shopu yokopera nyimbo, anaona kuti zimenezo n'zochedwetsa. Anakoka foda ya Program Files n'kukaiponya ku D. Madzulo amalume ake anafunsa ngati makina ayamba kuthamanga.

"Kwambiri, amalume. Kale Word inkatenga nthawi kuti itseguke. Pano ikukana pompopompo."

Mayi wina wa ku akaunti ankasunga malisiti ofunika mu Recycle Bin, ati poti m'menemo palibe amene amasuzumiramo. Wokonza makompyuta atabwera kudzapeza malo, anayambira pomwepo, chifukwa zimene zili m'binimo zimadyabe malo pa diski mpaka utazikhuthula. Anakhuthula. Mpaka lero awiriwo akakumana pakhonde sapatsana moni.

Koma amene ndimamumvera chisoni ndi mlembi wa mpingo wina. Iyeyu anamvera zonse, n'kusamutsa mabuku a chopereka kuchoka ku C kupita ku D. Palibe anamuuza kuti pa laputopu yake C ndi D ndi diski imodzi yogawidwa pawiri, ndipo ikafa zimafera limodzi. Laputopu itagwa pa njinga ya kabaza, anapita nayo kwa wokonza ali phee, mtima uli m'malo.

"Bambo, diski yafa," wokonzayo anatero.

"Palibe kanthu, mwana wanga. C mutaye. Ingondipatsani D ndizipita, Lamlungu tili ndi msonkhano."